Kodi liwu lakuti "parishi" lidachokera kuti?

Pali mawu ena amene akhristu amatchula Lamulungu lililonse osaima n'kufunsa tanthauzo lake. Limodzi mwa mawuwo ndi "parishi". Liwuli lili pa khadi la ubatizo, pa kalata ya ukwati, pa envulopu ya chachikhumi ndiponso pa chikwangwani cha pageti. Mwana wa Tilitonse akafunsidwa kuti parishi n'chiyani, amaloza tchalitchi. Wamkulu amatchula ofesi ya Bambo Mfumu, kapena amayamba kuwerenga ma Area amene akhristu ake amapemphera pamodzi. Mayankho onsewa ali ndi mbali yake yoona. Komabe liwuli layenda ulendo wautali lisadafike m'Chichewa, ndipo mu ulendowo muli chiphunzitso chimene chikukhudza kwambiri akhristu okhala mumzinda wa Lilongwe.

Ulendo wobwerera m'mbuyo

"Parishi" ndi liwu lobwereka, monga sukulu, tebulo ndi buku. Chichewa chidalitenga ku liwu la Chingerezi lakuti "parish". Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers atakhazikika ku Mua mu 1902 ndi ku Likuni ndi Kachebere m'zaka zomwezo, anthu ankangoti "ku mishoni". Mpingo utakula n'kukhala ndi madayosizi ndi ansembe a dziko lino, dzina lakuti parishi ndi limene lidafala. Abale a tsidya la malire, ku Angónia ndi ku Tete, amati "paróquia", potsata Chipwitikizi.

Angerezi nawonso liwuli adachita kubwereka. Lidayamba kuoneka m'zolemba zawo cha m'ma 1300, kuchokera ku Chifalansa chimene anthu a ku Normandy adabwera nacho atagonjetsa dziko la England mu 1066. Mpaka lero Afalansa amati "paroisse". Chifalansa chidalitenga ku Chilatini cha Mpingo, "parochia", ndipo kalembedwe kake kakale kwambiri kadali "paroecia". Aroma nawo adalitenga kwa Agiriki, amene ankati "paroikia".

Apa ndi pamene liwuli limatseguka ngati nyemba yokhwima. M'kati mwake muli mawu awiri: "para", kutanthauza pambali kapena pafupi, ndi "oikos", kutanthauza nyumba. Munthu wotchedwa "paroikos" adali wokhala pambali pa nyumba. Poyamba limeneli lidali dzina la mnansi, uja anthu a m'tauni amati neba. Kenaka lidayamba kutanthauza munthu wobwera, amene wamanga pakati pa eni dziko koma alibe mavoti, alibe munda wa makolo, ndipo manda a agogo ake ali kwina. Choncho "paroikia" ndi moyo wa munthu wotere, kapena gulu la anthu otere: obwera okhala pamodzi kudziko la eni.

Mizu yozama kuposa Chigiriki

Liwu lakuti "oikos" ndi lakale kuposa mabuku onse a Chigiriki. Pa timapale tadothi timene tidafukulidwa ku Knossos, pa chilumba cha Crete, ndi m'malo ena a ku Greece, tolembedwa zaka zoposa 1,200 Yesu asanabadwe, liwuli lilipo, ndipo nthawi imeneyo linkayamba ndi "w": "woikos". Malembo a pa timapaleti adakhala osawerengeka mpaka mu 1952, pamene Michael Ventris adazindikira kuti chidali Chigiriki chakale.

Akatswiri a zinenero amapita patsogolo pofananiza mawu. Njira yake ndi yosavuta kuimvetsa kwa Mmalawi. Achewa amati munthu, Azulu ndi Abemba amati umuntu, Aswahili amati mtu. Palibe amene adabera mnzake. Onsewa adayamwa bere limodzi, chinenero cha makolo chimene sichidalembedwe. Chimodzimodzi "woikos" wa Agiriki ali pa ubale ndi "vicus" wa Aroma, kutanthauza mudzi kapena chigawo cha mzinda, ndi "vicinus", kutanthauza mnansi, ndiponso "viś" wa chinenero chakale cha ku India cha Sanskrit, kutanthauza mudzi kapena fuko. Kholo la mawu onsewa akatswiri amalilemba kuti "weik", ndipo tanthauzo lake ndi banja lalikulu pamodzi ndi malo amene likukhala. Ku muzu womwewu kudachokera mathero a maina a mizinda ngati Norwich ndi Greenwich. Ngakhale liwu lakuti dayosizi ndi la m'banja lomweli, pakuti "dioikesis" m'Chigiriki ndi kuyendetsa zinthu za pa nyumba. Pansi penipeni pa parishi ndi dayosizi pali mudzi, pali banja, pali nyumba.

Abrahamu, wobwera wopanda manda

Chifukwa chiyani Mpingo udasankha liwu lonena za obwera? Yankho lili m'Chipangano Chakale. Ayuda a ku Alexandria, m'dziko la Ejipito, adayamba kumasulira Malembo Oyera kuchoka m'Chihebri kupita m'Chigiriki zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. M'Chihebri mudali mawu awiri onena za munthu wokhala kudziko la eni, "ger" ndi "toshav". Pomasulira mawuwa, m'malo ambiri adagwiritsa ntchito "paroikos".

Malo amodzi otchuka ndi Genesis 23. Sara adamwalira ku Hebroni ali ndi zaka 127. Abrahamu adali ndi ziweto zambiri ndi antchito ambiri, ndipo Mulungu adali atamulonjeza dziko lonselo, koma pa tsiku la malirolo adalibe ngakhale kachigawo kokumbapo manda. Adapita kwa eni dziko, Ahiti, nadzitchula yekha wobwera, ndipo adagula phanga la Makipela kwa Efuroni ndi masekeli 400 a siliva. Munthu aliyense amene adaferedwapo mu Lilongwe, n'kuyamba kuwerengera mtengo wa galimoto yopita ku Chitipa kapena ku Nsanje, kapena kufunsa za malo ku manda a ku Area 18, akudziwa zimene zidali mumtima mwa Abrahamu tsiku limenelo.

Aisraele adauzidwa kuti asaiwale mbiri imeneyi. Buku la Levitiko 25:23 likuphunzitsa kuti mwini nthaka ndi Mulungu, ndipo anthu ake akukhalapo ngati alendi. Levitiko 19:33-34 akulamula kuti wobwera asazunzidwe, koma akondedwe monga mbadwa, popeza Aisraele nawonso adalawa moyo wachilendo ku Ejipito. Deuteronomo 24:14-15 akuwonjeza kuti waganyu wosauka, kaya ndi mbadwa kaya ndi wobwera, alandire malipiro ake dzuwa lisanalowe.

Dzina limene akhristu oyamba adadzipatsa

Petulo Woyera, polembera akhristu a m'madera amene lero ali m'dziko la Turkey, adatenga liwu lomweli. Pa 1 Petulo 1:17 moyo wonse wa mkhristu pa dziko lino akuutcha nthawi ya "paroikia", ndipo pa 2:11 akhristuwo akuwatcha "paroikoi". Kalata ya kwa Ahebri 11:9 ikunena zomwezo za Abrahamu, amene ankakhala m'mahema m'dziko lolonjezedwa. Cha m'ma 96, Clement Woyera wa ku Roma polembera akhristu a ku Korinto, adatchula Mpingo wa ku Roma ndi wa ku Korinto yemwe kuti ndi Mpingo wokhala mwachilendo m'mizindayo. Posakhalitsa "paroikia" lidasanduka dzina la gulu lonse la akhristu a mumzinda umodzi, pamodzi ndi episkopi wawo.

Tsono parishi yoyamba idalibe tchalitchi, idalibe ofesi, idalibe mpanda. Idali anthu. Ankasonkhana m'nyumba za anzawo, monga m'nyumba ya Akwila ndi Prisila, banja limene lidapirikitsidwa ku Roma mu ulamuliro wa Klaudio n'kukakhala ku Korinto ndi ku Efeso likusoka mahema. Nyumba ya othawa kwawo ndi imene idali malo a mapemphero.

Chikhristu chitafalikira kumidzi, kuyambira cha m'ma 300 kupita mtsogolo, episkopi sakadatha kufika ponseponse. Dera lake lalikulu lidayamba kutchedwa dayosizi, ndipo dzina lakuti parishi lidatsalira magulu ang'onoang'ono osamalidwa ndi wansembe. M'zaka zimenezo kalembedwe kadasintha kuchoka ku "paroecia" kupita ku "parochia", chifukwa anthu adalisokoneza ndi liwu lina lofanana nalo, "parochus". Mu ufumu wa Aroma "parochus" adali munthu woikidwa m'mbali mwa msewu kuti azipereka nkhuni, mchere ndi zofunika zina kwa akuluakulu a boma amene ali pa ulendo. Kusokonezaku kudabala chinthu chokoma: mpaka lero, m'malamulo a Mpingo olembedwa m'Chilatini, Bambo Mfumu amatchedwa "parochus", wodyetsa apaulendo. Msonkhano waukulu wa ku Trento udalamula mu 1563 kuti maparishi akhale ndi malire odziwika, kuti mbusa aziwadziwa anthu ake. Malamulo a Mpingo a mu 1983, pa nambala 515, akufotokoza parishi ngati gulu lokhazikika la akhristu loperekedwa m'manja mwa Bambo Mfumu pansi pa episkopi, ndipo nambala 518 ikuti kawirikawiri parishi imakwatira akhristu onse okhala m'dera lake. Onse, osasankha mtundu, malipiro kapena kukula kwa nyumba.

Lilongwe, mzinda wa obwera

Ngati pali malo amene tanthauzo lakale la liwuli likuoneka ndi maso, ndi mzinda uno. Likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Ogwira ntchito m'boma adabwera ndi mabanja awo, amalonda adatsatira, ndipo ma Area adamera pa malo amene kale padali minda ndi tchire. Pa benchi limodzi pa Misa ya m'mawa pamakhala wa ku Karonga, wa ku Mulanje, wa ku Mchinji ndi wa ku Likoma. Aliyense akafunsidwa kuti kwanu n'kuti, satchula Area 15 kapena Area 47. Amatchula mudzi, mfumu ndi boma.

Ambuye Patrick Kalilombe, amene adakhala episkopi wa Lilongwe kuyambira mu 1972, adaliona vutoli msanga. Kudzera mu sinodi ya dayosizi ya zaka za 1973 mpaka 1975, adalimbikitsa miphakati, ndipo maepiskopi a m'bungwe la AMECEA mu 1976 adagwirizana kuti magulu ang'onoang'ono otere akhale maziko a moyo wa Mpingo m'chigawo chino cha Africa. Mphakati ndi kubwerera ku "paroikia" yoyamba ija: anansi osonkhana m'nyumba ya mnzawo, odziwana maina, odziwa amene wadwala ndi amene wagona ndi njala.

Komabe pali mayesero awiri amene amadya parishi ya m'tauni ngati chiswe.

Oyamba ndi a mkhristu amene amati, "Ine kuno ndine mlendo." Wakhala mumzinda zaka 15, ana ake onse adabadwira kuno, koma dzina lake silili m'kaundula wa mphakati uliwonse. Kalata yosamukira sadatenge. Misa amamvera kuno lero, mawa ku Maula, mkuja ku St. Patrick's, kutengera kumene ithe msanga. Amati ntchito za Mpingo akagwira akadzapuma pa ntchito n'kubwerera kumudzi. Atsogoleri a miphakati amamudziwa munthu wotere pa tsiku la zovuta, pamene achibale akufuna kwaya ndi mwambo wa maliro a munthu amene palibe adamuonapo pa msonkhano. N'zoona kuti mlendo ndi mame, koma "paroikos" wa m'Malembo si mlendo wogona usiku umodzi. Ndi wobwera amene wamanga. Mneneri Yeremiya, pa mutu 29, adalangiza Ayuda otengedwa ukapolo ku Babiloni kuti amange nyumba, alime minda, akwatitse ana awo, ndipo aufunire zabwino ndi kuupempherera mzinda umene akukhalamo. Ngati akapolo adauzidwa zotere za mzinda wa adani awo, nanga mkhristu wa mu Lilongwe angakane bwanji kulembetsa ku mphakati wa m'dera lake?

Mayesero achiwiri ndi a mkhristu amene amadziyesa mwini parishi. Iye adalipo pomanga tchalitchi, adapereka matumba a simenti, benchi lake limadziwika. Wachilendo akapereka maganizo pa msonkhano, amamufunsa kuti wabwera liti. Zopereka zakezo Mulungu adaziona ndipo sadzaziiwala. Koma dzina lenilenilo la parishi likumutsutsa, pakuti m'gulu la obwera mulibe mwini mudzi. Amene adafika mu 1978 ndi amene wafika mwezi watha akusiyana tsiku lofikira basi. Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa; mphakati wotseka makutu kwa atsopano umadzimana nzeru wokha.

Wokhala pambali pa nyumba

Tanthauzo loyambirira lija, wokhala pambali pa nyumba, lili ndi nkhope yodziwika bwino m'ma Area okhala ndi mipanda ya njerwa. Kuseri kwa nyumba yaikulu kuli boyizi kota. Pa geti pali kanyumba ka mlonda. M'bandakucha uliwonse amayi ndi abambo amayenda wapansi kuchokera ku Mtandire, ku Mtsiriza, ku Chinsapo ndi ku Kauma kudzachapa, kuphika, kulera ana ndi kusesa pabwalo. M'Chigiriki cha Malembo, anthu amenewa ndiwo "paroikoi" enieni. Ambiri mwa iwo ndi akhristu obatizidwa, ena ndi Akatolika.

Pamenepa pali mafunso amene banja lililonse lachikhristu liyenera kudzifunsa moona mtima. Galimoto ikamatuluka pa geti kupita ku Misa, amene watsegula getiyo apemphera liti? Mtsikana amene watsala akuphika nkhomaliro ya Lamulungu adalandira liti Ukaristia komaliza? Mphakati ukasonkhana pa nyumbapo, wantchito amakhala nawo pa mpando ndi kumva Mawu a Mulungu, kapena ntchito yake ndi kubweretsa tiyi n'kubwerera kukhitchini? Ana a ku boyizi kota adabatizidwa, ndipo amapita ku Tilitonse pamodzi ndi ana a m'nyumba yaikulu? Malipiro amaperekedwa pa tsiku lake, kapena wantchito amadikira mpaka pa 10 mwezi wotsatira, pamene bwana wagula kale mafuta a galimoto ndi mayunitsi? Yakobo Woyera pa 5:4 akuchenjeza kuti malipiro obedwa kwa antchito amalira, ndipo kulirako kumafika m'makutu mwa Ambuye. Chachikhumi choperekedwa ndi dzanja limene lamana wantchito malipiro ake n'chovuta kuchiika pa guwa.

Malire a parishi amakwatiranso ena amene saoneka pa Misa: odwala ogonera m'nyumba, okalamba amene ana awo ali ku Johannesburg kapena ku London, alonda ogwira ntchito usiku, ndi akaidi a ku ndende ya Maula. Palinso obwera ochokera kunja kwa dziko. Malawi adasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1990. Kuyambira mu 1994 msasa wa Dzaleka ku Dowa wakhala ukulandira othawa kwawo a ku Rwanda, Burundi ndi Congo, ndipo ambiri mwa iwo ndi Akatolika odziwa Misa kuyambira ali ana. Za malamulo a kumene ayenera kukhala ndi nkhani ya boma. Koma mawu onyoza, kuseka kalankhulidwe kawo ndi kuwatcha maina, zimenezo zili m'manja mwa mkhristu aliyense. Mabanja ambiri a mumzinda uno ali ndi m'bale amene adathawa zipolowe zodana ndi obwera ku South Africa mu 2008 kapena mu 2015, n'kubwera pa basi wopanda kanthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuchokera pambali kulowa m'nyumba

Pa njira ya ku Emausi, pa Luka 24:18, Kleopa adafunsa munthu amene adawapeza pa ulendo ngati iye yekha ndiye mlendo mu Yerusalemu wosadziwa zimene zachitika. M'Chigiriki, mneni amene Kleopa adagwiritsa ntchito ndi wa m'banja lomweli la "paroikia". Ambuye wouka kwa akufa adayenda nawo ngati wobwera. Akadamulola kupitirira dzuwa litapendeka, sakadamuzindikira. Adamuumiriza kuti alowe m'nyumba, ndipo maso awo adatseguka ponyema mkate.

Paulo Woyera ndiye akumaliza ulendo wa liwuli. Pa Aefeso 2:19 akuuza akhristu amene sadali Ayuda kuti mwa Khristu iwo salinso "paroikoi", okhala pambali pa nyumba, koma "oikeioi", a m'nyumba mwenimweni mwa Mulungu. Muzu ndi womwe uja, "oikos", koma "para" wachoka. Petulo ndi Paulo sakutsutsana. Pamaso pa dziko lino mkhristu ndi wobwera, ndipo sayenera kumangirira mtima wake pa poloti, pa udindo kapena pa mpanda. Pamaso pa Mulungu, ubatizo udamulowetsa kale m'nyumba, iye pamodzi ndi mlonda wake, pa khomo limodzi. Pa mzere wolandira Ukaristia zimenezi zimaoneka Lamulungu lililonse. Ntchito ya parishi ndi yakuti zionekenso Lolemba, kunyumba ndi ku ofesi.

Zokambirana ku miphakati sabata ino

Mawerengo: Levitiko 19:33-34, Aefeso 2:11-22, Luka 24:13-35.

1. Ndi akhristu ati okhala m'dera la mphakati amene maina awo sali m'kaundula, ndipo ndani akawayendere mwezi uno usanathe?

2. Kodi antchito a m'nyumba ndi alonda a m'derali ali ndi mpata wopita ku Misa kapena ku mapemphero a mipingo yawo? Mabanja angasinthe chiyani pa ndondomeko ya Lamulungu kuti mpatawo upezeke?

3. Mkhristu watsopano akafika pa msonkhano wa mphakati koyamba, amalandiridwa bwanji, ndipo papita nthawi yaitali bwanji asanapatsidwe mpata wolankhula kapena udindo?

Amene sadalembetse ku mphakati uliwonse akupemphedwa kuonana ndi wapampando wa mphakati wa m'dera lawo ikatha Misa, kapena kufika ku ofesi ya parishi m'kati mwa sabata atatenga khadi lawo la ubatizo.

Mulungu wa Abrahamu, amene adayenda ndi anthu ake m'chipululu, asunge parishi ino pa ulendo wake, mpaka onse akafike kwawo kwenikweni. Amen.